Yankho kwa asuweni pa nkhani ya kudzimbidwa

Asuweni, funso lanu ndaliona, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi siyotheka kuilemba m'mizere iwiri. Mwafunsa kuti ndi mankhwala ati amene amatsegula m'mimba mwamsanga, ndipo mwati mukufunsira mnzanu wa kuntchito amene watha masiku anayi osachita chimbudzi. Mnzanu ameneyu ndikumudziwa bwino. Ndi uja amene kuyambira ali mwana amakankhira ndiwo zamasamba m'mphepete mwa mbale, ndipo madzi amawakumbukira pokhapokha akafuna kumeza mapiritsi.

Ndiyambe ndi matumbo... ayi, ndiyambe ndi amalume anga aja, bambo anu aang'ono, chifukwa inu nthawi imeneyo munali kusukulu. Atatuluka m'chipatala pa vuto la mwendo lija, anawapatsa mankhwala opha ululu okhala ndi codeine, amene amachititsa kuti matumbo aziyenda pang'onopang'ono. Iwo ankangogona osayenda, chakudya chawo chinali buledi woyera, tiyi ndi nyama, ndipo madzi ankawakana poopa kudzukadzuka usiku ndi mwendo wopweteka. Anakhala sabata yathunthu, kapena ndinene masiku 9, osachita chimbudzi komanso osauza munthu aliyense. Kenako anatuma mwana mwachinsinsi kukagula mankhwala otsegula m'mimba. Anathandizika tsiku limodzi, vuto linabwerera, anamwanso, ndipo zinapitirira choncho kwa miyezi, iwo akudzikakamiza m'chimbudzi mpaka anayamba kuona magazi.

Amene ndinawaperekeza kuchipatala ndinali ine. M'njira monse sanayankhule, ndipo titatsala pang'ono kufika anandigwira dzanja n'kunena kuti akuganiza kuti ndi matenda aja amene anatenga agogo. Munthu wamkulu ngati uja, misozi ili m'maso! Atawayeza anapeza kuti mitsempha ya potulukira chimbudzi inali itatupa chifukwa cha kudzikakamiza kuja. Chimene chinandikhudza n'chakuti dokotala anatha nthawi yaitali akuwafunsa zimene amadya kuposa imene anatha polemba mankhwala.

Zimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi izi. Matumbo aakulu, amene ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, amayamwa madzi m'zotsalira za chakudya, choncho chimbudzi chikachedwa mmenemo chimauma n'kulimba. Chimene chimathandiza ndi faiba, mbali ya zakudya zochokera ku zomera imene thupi siligaya, yomwe imasunga madzi, kufewetsa chimbudzi ndi kuchichulukitsa kuti matumbo achikankhe mosavuta. Imapezeka mu nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mbewu zosachotsedwa gaga, koma mu nyama, mazira ndi mkaka mulibemo ngakhale pang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 a faiba patsiku, komanso azidya magalamu 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba. Musayambe zonse tsiku limodzi... pepani, mnzanuyo asayambe zonse tsiku limodzi, chifukwa m'mimba mudzadzaza mpweya. Awonjezere pang'onopang'ono kwa masabata angapo, azimwa madzi okwanira, aziyendako, ndipo thupi likamuitana, makamaka akangodya m'mawa pamene matumbo amadzuka, asaliuze kuti lidikire.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuganiza kuti mumafunsadi. Sindikukhulupirira kuti mumafuna dzina la mankhwala, asuweni. Ndikuganiza kuti muli ndi mantha, monga mmene analili amalume m'galimoto muja, ndipo mukufuna wina akuuzeni ngati zimenezi n'zoopsa. Kusachita chimbudzi tsiku lililonse si matenda ayi, chifukwa pali anthu athanzi amene amapita katatu patsiku ndipo ena katatu pa sabata. Ngakhale mapiritsi owonjezera magazi, amene munanena kuti mukumwa, amatha kudzimbitsa ndiponso kudetsa chimbudzi, koma musawasiye musanafunse amene anakulemberani. Nthawi zambiri vutoli limayambira m'mbale ndipo limatheranso m'mbale momwemo. Koma ngati mwaona magazi, ngati mukuwonda popanda chifukwa, ngati m'mimba mukupweteka kwambiri kapena mukusanza, kapenanso ngati papita masabata angapo zinthu zisakusintha, pitani kuchipatala osadikira.

Ndibwerezenso kuti mundimve bwino: mankhwala otsegula m'mimba ali ndi ntchito yake kwa masiku ochepa, koma chimene chiyenera kusintha ndi chakudya, ndipo magazi si chinthu choti munthu abise. Amalume anataya miyezi chifukwa cha manyazi, ndipo sindikufuna kuti inunso muitaye. Sinthani za m'mbale, ndipo ngati pali chizindikiro chimodzi mwa zimene ndatchulazi, mundiimbire pambali madzulo ano, mawa ndikuperekezani.