Kalipa ya Honda CB750 yajama: musamasule kaye paipi

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba. Amalume awo anawasiyira njinga yamoto ya Honda CB750 ya 1974, yomwe yakhala m'kanyumba kosungira katundu zaka 11 osalizidwa. Injini aidzutsa ndipo ikulira bwino, koma tayala lakutsogolo lakana kuzungulira. Akuti athira WD-40, oyilo wopopera womasulira dzimbiri, pa kalipa masiku atatu, agogodapo ndi hamala, koma palibe chasintha. Ndiye akufunsa ngati kuli bwino kuimasula n'kupita nayo kugalaja kuti akaipope ndi kompuresa, kapena angoitaya n'kusaka ina.

Achimwene, musaitaye. Hamalayo ibwezeni m'bokosi, ndipo paipi ya buleki fuluwidi musaimasule kaye. Kwa amene simunagwirepo sipanala, kalipa yomwe tikunenayi si kukalipa kwa apongozi ayi, ndi chitsulo chija chimapana disiki mukakoka handulo ya buleki.

Njinga yanuyo si yachisawawa. Pomwe CB750 inkatuluka mu 1969, inali imodzi mwa njinga zoyamba zogulitsidwa mwaunyinji zokhala ndi buleki ya disiki yoyendera fuluwidi kutsogolo. Kalipa yake ndi yosavuta: pisitoni imodzi ya mamilimita 38, labala imodzi yotchinga fuluwidi yomwe amakaniko amati sili, ndi mapadi awiri ozungulira. Yonseyo imalendewera pa kamkono komwe kamayenda pa bawuti yomangidwa ku foloko. Ndiye tayala likakana, malo okayikira alipo anayi, osati amodzi: kamkonoko, padi, pisitoni, ndi masita silinda, kapampu ka pa handulo kokankha fuluwidi.

Yambani ndi chosafuna ndalama. Ikani sipanala ya mphete pa nipulo yobulidira, kabawuti kabowo ka pa kalipa kotulutsira mpweya ndi fuluwidi, muimasule pang'ono. Fuluwidi akatuluka mwamphamvu, tayala n'kumasuka, ndiye kuti kalipa mukuinamizira. Vuto lili kumtunda. Pansi pa kathanki ka masita silinda pali timabowo tiwiri, ndipo kena n'kakang'ono ngati nsonga ya singano. Kameneka n'komwe kamalola fuluwidi kubwerera mukasiya handulo, ndipo kakatsekeka ndi matope buleki imangogwirabe. Nipuloyo muisamale, imathyoka msanga. Ikakana, itenthetseni pang'ono m'mbali mwake, muidikire, muyesenso. Ikathyokera m'kati, ntchito ya tsiku limodzi yasanduka ya mwezi.

Koma pa njinga yomwe yagona zaka 11, ndikukayikira kwambiri m'kati mwa kalipa, ndipo apa mundilole ndichedwepo, chifukwa ambiri amakonza pisitoni n'kusiya chomwe chinaimanga.

M'kalipa mulibe sipuling'i yobwezera pisitoni. Ntchitoyo imagwira ndi sili. Labalayi ili ndi ngodya zinayi, ndipo imakhala m'kangalande kozungulira m'kati mwa kalipa. Mukakoka handulo, pisitoni imatuluka n'kupinda labalayo pang'ono. Mukasiya, labala imawongoka n'kukoka pisitoni kubwerera kamtunda kochepa ngati tsitsi. Tsono buleki fuluwidi wa mitundu ya DOT 3 ndi DOT 4 amamwa chinyezi. N'chifukwa chake DOT 3 watsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 140 pokha. Madziwo, pamodzi ndi a mvula olowera kumbali ya padi, amadya aluminiyamu wa m'kangalande kaja, n'kupanga ufa woyera wouma ngati phulusa. Ufawo umakula kuseri kwa sili, n'kumaikankhira pa pisitoni mpaka kuifinya ngati dzanja pakhosi la nkhuku. WD-40 wanuyo sangafike kumeneko. Akafikako ndiye zaipiratu, chifukwa labala ya mabuleki ikakhudzana ndi oyilo, petulo kapena palafini imatupa. Mapadi omwe mwawathirawo ndi otaya basi.

Nachi chifukwa chomwe ndati paipi isamasulidwe. Chida champhamvu chotulutsira pisitoni muli nacho kale pa handulo. Masulani mabawuti awiri ogwirizanitsa mbali ziwiri za kalipa, muichotse pa disiki paipi ili chilumikizire. Funditsani thanki nsanza, chifukwa fuluwidi amasupula penti. Thirani watsopano, bulidani mpaka handulo ilimbe, kenako popani mosapupuluma, kalipa ili m'kabeseni. Choyamba kutuluka ndi padi. Pa njinga zimenezi padi imalowa m'bowo lomwelo la pisitoni, ndipo kawirikawiri chitsulo chake n'chomwe chimachita dzimbiri n'kumatirira m'mbali. Pakati pa padi ndi pisitoni pali kawashala ka pulasitiki, musakataye. Pitirizani kupopa, mukuwonjezera fuluwidi kuti kathanki kasaume, mpaka mumve pisitoni ikuti phwa.

Masita silinda ikakhala kuti nayonso inafa, bwerekani pampu ya girizi. Apa ndiye masulani paipi, tsekani bowo lake ndi bawuti ya mazinga ofanana, osamanga kwambiri, masulani nipulo pang'ono, lumikizani pampuyo pa nipulo n'kumapopa. Pisitoni imatuluka pang'onopang'ono ngati nkhono. Choipa chake n'chakuti girizi yense ayenera kuchoka, ngakhale wa m'timabowo, musanaike sili yatsopano.

Za kompuresa ndiye ayi. Mpweya umapanikizika, fuluwidi ndi girizi sapanikizika. Geji ya kompuresa ikafika pa mabaa 8, pisitoni ya mamilimita 38 imakankhidwa ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 90, kungotsala pang'ono kukwana matumba awiri a chimanga. Ikakhala yomangika kwambiri, mphamvu imeneyo siikwanira. Ikangomasuka, imachoka ngati chipolopolo. Ndinaphunzira ndili mnyamata pa galaja ina, nditagwira kalipa m'manja mnzanga akupopa. Chikhadabo cha chala chachikulu chinada, n'kuchoka patatha sabata ziwiri. Ngati mwaumirira, ikani thabwa kutsogolo kwa pisitoni, kulungani nsanza, zala zikhale kutali. Ndipo pulayala isayandikire pisitoni yomwe mukufuna kudzaigwiritsanso ntchito.

Pisitoni ikatuluka, itsukeni muyendetsepo chikhadabo. Chikamakodwa m'timaenje pomwe pamadutsa sili, gulani ina. Sandipepa sangathetse timaenje, amangochotsa kuwala kwa pamwamba komwe kumateteza chitsulo. Zilipo za chitsulo chosachita dzimbiri zopangidwira njingazi, ndipo ine ndimasankha zimenezo. Timaenje ta m'khoma la kalipa tisakudetseni nkhawa kwambiri, chifukwa sili imatsekera pa pisitoni ndi m'kangalande, osati pakhoma.

Kangalandeko ndiye ntchito yeniyeni. Chotsani sili yakale, mukhale padzuwa pomwe mukuona bwino. Pindani nsonga ya waya wa kopa, kapena songolani kansungwi, muzipala ngodya zonse ziwiri mozungulira. Sikuludiraiva ayi, imakanda aluminiyamu ndipo fuluwidi azidzadontha. Mudzaona ngati mwamaliza, koma mukapendeketsa kalipa mudzapeza ufa wina wabisala pangodya yakutsogolo, yomwe diso silifikako bwino. Kagalasi kakang'ono kamathandiza. Ine ndimatha ola lathunthu pamenepa. Tsukani ndi sipiriti, muumitse, nyowetsani sili yatsopano ndi fuluwidi, muilowetse. Pisitoni iyenera kulowa ndi zala ziwiri zazikulu. Ikafuna vaisi, itulutseni mubwerere kukapala.

Zotsalazo n'zachangu. Kamkono kaja kamasuleni, mupale dzimbiri, mupake girizi pa bawuti yake mpaka kaziyenda ndi chala chimodzi. Padi yatsopano izilowa ndi kutuluka m'bowo mosavuta. Ikamakakamira, palani penti wa m'mphepete mwa chitsulo chake. Fumbi la mapadi akale musaliuzire ndi pakamwa, ambiri a nthawi imeneyo anali ndi asibesitosi yemwe amawononga mapapo, pukutani ndi nsanza yonyowa. Mapaipi a labala ngati ali omwe anabwera ndi njinga, asintheni ngakhale akuoneka bwino kunja, chifukwa amatupira m'kati. Fuluwidi thirani DOT 3 kapena DOT 4 wa m'botolo losatsegula, osasakaniza ndi DOT 5 yemwe ndi wa silikoni, ndipo muzimusintha zaka ziwiri zilizonse. Pomaliza pali kasikuluwu kokhala ndi sipuling'i pa kamkono: katembenuzeni mpaka padi yam'kati ikhudze disiki, kenako mubweze pang'ono kuti tayala lizizungulira lokha.

Yeserani pabwalo kaye, kenako msewu wosatsetsereka, kuti mapadi akhazikike. Ndikudziwa kuti mtima uli kale ku Ku Chawe, koma potsika phirilo muzithandiza buleki ndi magiya. Disiki ya njingayi ndi yosalala, yopanda mabowo, ndipo ikanyowa ndi mvula imayamba yaterera kaye isanagwire.