Bwanji ndikungowomberedwa ndisanaone mdani?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti wakhala akuuluka yekha mu DCS World, masewera a pa kompyuta oulutsa ndege zankhondo, kunyamuka ndi kutera akukhoza bwino, koma akangolowa pa seva ya anthu ambiri ndege yake imaphulika asanaone n'komwe amene wamuwombera. Akufunsa ngati kugula ndege ya F-16C m'masewerawa kungathetse vutoli.

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Ndege si imene ikukuphetsani.

Adani a kompyuta amabwera maso ndi maso, ndipo mumawaona akadali kutali. Munthu satero. Amatsika n'kumauluka m'zigwa za mapiri a Caucasus kuti radar yanu isamupeze, yakenso amaizimitsa, kenako amakutulukirani kumbuyo ndi mzinga wotsata kutentha kwa injini monga R-27ET kapena AIM-9. Mizinga yotereyi siiliza RWR, kachipangizo kokuchenjezani radar ya mdani ikakuonani, poti sigwiritsa ntchito radar. Inu maso ali pa sikirini, zonse zili phee, basi moto buu! Nayo AIM-120, mzinga wokhala ndi radar, ikaponyedwa mwaluso imakuchenjezani mochedwa, itayatsa kale radar yakeyake, pamene mwatsala ndi masekondi ochepa oti mukhote.

Chimene mukusowa ndi maso a anzanu, ndipo maso amenewo amabwera kudzera pa wailesi. Ikani SRS, pulogalamu yaulere yolumikiza mawu anu ndi wailesi ya m'ndegemo. Ma frequency amalembedwa mu briefing ya seva, malangizo owerenga musananyamuke, ija ambiri amaidumpha chifukwa cha phuma. Masiku oyamba muzingomvetsera. Mudzamva woyang'anira mlengalenga akutchula kumene adani ali, kuwerengera kuchokera pa bullseye, malo amodzi amene gulu lonse lagwirizana. Mudzamva wina akuti "Fox 3", kutanthauza kuti waponya mzinga wa radar yakeyake. "Fox 2" ndi wotsata kutentha, "Fox 1" ndi wofuna kuti radar ya ndege iuperekeze mpaka ukafike. Mawuwa akakulowani m'mutu, thambo limene munkaliona ngati lopanda kanthu mudzaliona litadzaza.

Kenako pemphani munthu wozolowera kuti muuluke pambali pake. Musachite manyazi kunena kuti ndinu watsopano. Ambiri amakondwa kuphunzitsa. Ntchito yanu ikhale yosataya mtsogoleri ndiponso kumuyang'anira kumbuyo, basi. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndimaona kuti kubwerera ku bwalo la ndege la Kutaisi kapena la Batumi nonse awiri muli amoyo, ngakhale musanagwetse aliyense, n'kokoma kuposa kugwetsa mmodzi inu n'kufera pomwepo.

Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse: musawombere chimene simunachizindikire. Funsani ndi IFF, chipangizo chosiyanitsa mnzanu ndi mdani, funsaninso pa wailesi. Mnzanu watha mphindi zambiri akuyatsa ndege, kukweza zida ndi kuuluka ulendo wautali, ndiye mumugwetse ndinu wa gulu lake lomwe? Zimawawa, ndipo ma seva ambiri amakutulutsani.

Za kugulazo, ndege ya Su-25T imene Eagle Dynamics, opanga masewerawa, amapereka ulere ndi yokwanira kuyambira. Ndi yolemera, ilibe radar yosakira ndege zina, koma pa seva imene anthu onse amamenyana ndi kompyuta mudzaphunzira nayo wailesi ndi kuukira zapansi popanda wokusakani. Mukafuna zomenyana m'mwamba, F-15C ya m'gulu la ndege zotchedwa Flaming Cliffs ndi yotsika mtengo ndipo ilibe mabatani ambirimbiri. F-16C ija mutha kuiyesa ulere masiku 14 ngati DCS yanu munaitenga kwa Eagle Dynamics mwachindunji.

Musanagule ndege ina iliyonse, pezani njira yotembenuzira mutu m'ndegemo. OpenTrack ndi yaulere ndipo imagwira ndi kamera wamba ya pa kompyuta. Mukagwetsedwa, tsegulani Tacview, pulogalamu yoonetsanso mmene ulendo wanu unayendera, muone mzinga unachokera kuti ndiponso inu munkayang'ana kuti panthawiyo. Posankha seva yang'ananinso ping, nambala yosonyeza kuchedwa kwa intaneti pakati pa inu ndi seva, chifukwa ma seva ena amatulutsa anthu amene intaneti yawo ikuchedwa, ndipo kwa ife ouluka tili kum'mwera kwa Africa, ma seva a ku Ulaya ndi amene amatikomera kuposa a ku America.