Mizeremizere pa chikwangwani: kodi alakwa ndi osindikiza?

Mayi ena okonza zikwangwani ndi makalendala andilembera imelo. Akuti anapanga chikwangwani cha msonkhano wa mpingo, chotalika mamita 2, kumbuyo kwa zilembo kuli mtundu wabuluu womazilala pang'onopang'ono kutsikira pansi. Pa kompyuta chinali chosalala bwinobwino, koma chitasindikizidwa chinatuluka ndi mizeremizere. Funso lawo ndi lakuti, kodi akabweze kwa osindikiza?

Mayi, musanakakangane nawo, tiyeni tiwerengetsere. Fayilo wamba ya 8-bit ili ndi masitepe 256 okha pa inki iliyonse, kuyambira poyera mpaka pamene inkiyo yadzaza. Ngati buluu wanu akuchoka pa 60% kufika pa 40%, mwagwiritsa ntchito masitepe 51 basi. Masitepe 51 pa masentimita 200, ndiye kuti sitepe iliyonse ndi pafupifupi masentimita 4. Diso silingalephere kuona zimenezo. Pa sikirini simunazione chifukwa chithunzi chonse chinapanikizika m'kadanga kakang'ono. Choncho gradient (mtundu womazilala pang'onopang'ono uja) yaitali yomwe mitundu yake ikusiyana pang'ono ndiyo imavuta kwambiri, makamaka mitundu yoderapo.

Mankhwala amene ndimadalira ine ndi noise, kutanthauza timadontho ting'onoting'ono tomwazika pachithunzi. Mu Photoshop, pangani gradient pa 16-bit, pomwe masitepe ndi ochuluka zedi, chongani Dither, kenako thirani Add Noise pang'ono, 1% kapena 2%. Timadontho timeneti timasokoneza malire a masitepe aja, diso n'kumaona ngati mtundu ukungoyenderera. Ambiri amaopa kuti chithunzi chida, koma munthu woima patali ndi chikwangwani sationa n'komwe. Blur (yosalaza chithunzi) yokha sithandiza, nthawi zina imangokulitsa mizere.

Pangani gradient mu CMYK (mitundu inayi ya inki yosindikizira) kuyambira pachiyambi, ndipo afunseni osindikiza profile (fayilo yofotokoza mmene makina awo amatulutsira mitundu) imene amagwiritsa ntchito. Mukaipanga mu RGB (mitundu ya pa sikirini) n'kudzaisintha pamapeto, buluu amakonda kupendekera ku pepo. Komanso musazilalitse mpaka 0%. Pa makina a offset (osindikiza pogwiritsa ntchito mapuleti) timadontho tochepera 2% kapena 3% nthawi zambiri sitigwira papepala, ndiye pamatsala mzere wakuthwa pamene inki yathera. Siyani pa 3% kapena 5%.

Tsono nkhani ya WhatsApp. Mukatumiza ntchito ngati chithunzi, imafinyidwa kukhala JPEG yopepuka, ndipo gradient ndiyo imayamba kuwonongeka. Tumizani ngati document, kapena pitani nayo pa flash, ili TIFF kapena PDF/X-4.

Osindikiza nawo ali ndi mbali yawo. Makina a 2400 dpi (madontho pa inchi) pa 150 lpi (mizere ya madontho pa inchi) amatulutsa masitepe 257, koma a 1200 dpi pa 150 lpi yomweyo amangotulutsa 65. Palinso mizere yochokera ku mutu wa printa wotsekeka: imeneyo imakhala yopyapyala, yotalikirana mofanana, ndipo imadutsa ngakhale pa zilembo ndi nkhope za anthu. Ngati yanu ili choncho, bwezani ndithu. Ngati ili pa buluu pokha, konzani fayilo, ndipo apempheni asindikize kachidutswa kakang'ono pa kukula kwake kwenikweni musanalipire chikwangwani chonse.