Mafunso ndi Mayankho: Kuyang'anira amisiri amene mwawagawira ntchito yomanga

FUNSO: Ndili ndi kampani yaing'ono ya zomangamanga. Ndikapeza ntchito yaikulu ndimagawirako magulu ena, ena kuthira silabu, ena pulasitala, ena denga. Vuto n'lakuti amathamangitsa ntchito, zipewa savala, ndipo zikawonongeka mwini nyumba amakalipira ine. Ndingawawongole bwanji popanda kukangana nawo tsiku ndi tsiku? Ndine wowerenga wanu wa ku Lilongwe.

YANKHO: Bambo, mwini nyumbayo sakulakwitsa. Iye anapangana ndi inu, magulu enawo sawadziwa. Ndiye yambani ndi kalipiridwe, chifukwa gwero la vutoli lagona pamenepo. Gulu lolipidwa potengera kukula kwa malo amene lamaliza limaona kuti liwiro ndiye ndalama, choncho kuthirira konkire kapena kumanga bwino sikafodi (nsanja yoimapo amisiri pogwira ntchito m'mwamba) kumaoneka ngati kutaya nthawi. Kukalipa sikungasinthe zimenezi. Lembani mgwirizano, ngakhale wa masamba awiri okha, wonena kuti ndalama izituluka m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chizilipidwa inu kapena kapitawo wanu mutayendera ndi kusainira.

Nthawi yoyendera ndi pamene ntchito isanabisike. Titenge silabu, pakuti apa ndi pamene pamalowa chinyengo chambiri. Asanathire konkire, onani ngati zitsulo zili za kukula ndi mipata yolembedwa pa pulani, komanso ngati zakwezedwa pa timiyala ta simenti ta mamilimita 20 mpaka 25. Chitsulo chogona pa thabwa chimakhala poyera, chosakutidwa ndi konkire, chimachita dzimbiri, kenako konkire imayamba kusweka chapansi. Ngati injiniya walamula kasakanizidwe ka 1:2:4, ndiye kuti thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 lipite ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale, osadzaza mpaka phiri. Ikani munthu wanu pamalo osakanizira tsiku lonse lothira, aziwerenga matumba ndi kuletsa kuwonjezera madzi. Anyamata amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imayenda mosavuta, koma madzi ochuluka amaifooketsa ndipo ikauma simungaikonzenso. Silabu ithiriridwe masiku osachepera 7. Mitengo yochirikiza isachotsedwe masiku 14 asanakwane, ndipo pa silabu yotambalala mudikire mawu a injiniya. Mphamvu ya konkire imayezedwa pa masiku 28. Gulu likamakakamira kuchotsa mitengo msanga, nthawi zambiri likufuna kukaigwiritsa ntchito kwina.

Pa malipiro aliwonse sungani 5 kapena 10 peresenti, mudzaipereke pakatha miyezi 6. Kwa a denga, ife timalangiza kuti ndalamayi idikire mpaka mvula itagwa, chifukwa denga lodontha silidziwika m'chilimwe.

Za chitetezo zilembedwe mu mgwirizano womwewo, ndipo funso loyamba ndi lakuti adzagula zovala ndani. Mukalisiya osaliyankha, palibe amene agule. Kwa magulu aang'ono ndi bwino mugule nokha zipewa zolimba, nsapato ndi magolovesi, aliyense asainire polandira, mtengo wake muuwerengere popangana. Dzenje lopitirira mita 1.2 lichirikizidwe m'mbali, ndipo dothi lofukulidwa liunjikidwe mita imodzi kuchoka m'mphepete, makamaka nthawi ya dzinja pamene nthaka imagumuka mosachenjeza. Makwerero amangidwe kumwamba ndipo apitirire pofikira ndi mita imodzi. Sikafodi ya migolo ndi njerwa zosanjikiza musailole ngakhale kwa ola limodzi. M'mawa uliwonse kapitawo atenge mphindi 10 kunena zoopsa za ntchito ya tsikulo ndi kulemba maina a onse amene alowa, aganyu omwe. Kapitawoyo mum'patse mphamvu yoimitsa ntchito osayamba wakuimbirani foni.

Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pantchito la 1997 limafuna kuti wolemba ntchito ateteze antchito ake, ndipo lamulo la chipukuta misozi la 2000 limapatsa wovulala pantchito ufulu wolipidwa. Mgwirizano wanu unene momveka kuti wolemba anthu a gululo ndani, ndipo musanasaine kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Ngozi ikachitika, kaneneni komweko mwamsanga.

FUNSO: Ndikumanga nyumba ku Zomba. Kontilakitala wanga wabwera ndi mnyamata wa magetsi amene sindikumudziwa. Ndiyang'ane chiyani?

YANKHO: Mayi, pemphani kuona chiphaso chake cha bungwe la MERA, lomwe limapereka zilolezo kwa oika magetsi m'nyumba. Kenako onani mawaya asanakokedwe m'mapaipi. Kawirikawiri mababu amayendera waya wa 1.5, masoketi wa 2.5, kuka (chitofu cha magetsi) wa 6, ndipo nambalayi, yosonyeza kunenepa kwa waya, imalembedwa pa mpukutu. Woika waya wochepa pa masoketi amapulumutsa ndalama, koma wayayo amatentha mukalumikiza ketulo ndi ayironi nthawi imodzi. Onetsetsani kuti pali chitsulo cha efi (chopititsa magetsi pansi pakachitika vuto) chokhomeredwa m'nthaka, ndipo jambulani makoma onse pafoni pulasitala asanaphimbe mapaipi. Ndalama yomaliza musungeko mpaka a ESCOM atalumikiza ndipo mwayesa soketi iliyonse.