Alamu, za matepi a masewero akale aja

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, woti mwapeza katoni ya matepi a vidiyo m'chipinda cha malemu bambo, muli Mr. Bean, Mind Your Language, The Fresh Prince of Bel-Air, ndi ena olemba pamanja kuti TVM (Television Malawi). Mwati ana akufunsa kuti anthu amene amaseka aja ali pati poti sakuoneka, ndipo inuyo mukufuna kudziwa ngati n'koyenera kulipira munthu asamutsire matepi onsewo mu fulashi. Nditalikitsa pang'ono, mumvetsere mutakhala pansi. Koma pakadali pano musalowetse tepi iliyonse mu deki, chifukwa chake ndichinena kutsogoloku.

Za kuseka zija, ana muwauze kuti nthawi zambiri anthuwo analipodi. Nyumba imene imaoneka m'masewero amenewa ili ndi makoma atatu okha, denga ilibe. Kumwambako kuli mababu amphamvu ndi maikolofoni yolendewera ku ndodo yaitali. Pamene pakanakhala khoma lachinayi m'pamene pali makamera, atatu kapena anayi, ndipo kuseri kwa makamerawo kwakhala anthu 200 kapena 300 akuonera. N'chifukwa chake sofa imayang'ana kuno nthawi zonse, ndipo banja likamadya, mbali imodzi ya tebulo imakhala yopanda munthu. Mukadzaonera mudzaonetsetse zimenezi.

Amene anatchukitsa kachitidwe kameneka ndi Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz, pa sewero la I Love Lucy lomwe linayamba pa CBS ku America mu 1951. Nthawi imeneyo mapulogalamu ambiri ankaulutsidwa pompopompo kuchokera ku New York. Madera akutali ankalandira kope lojambula poloza kamera pa galasi la TV, ndiye chithunzi chake chinali cha mbuu. Awiriwa anakana kusamukira ku New York. Anati tijambula konkuno ku Los Angeles, pa filimu ya 35 mm ngati ya m'nyumba za kanema, makamera atatu akujambula nthawi imodzi, anthu akuonera. Zinali zodula, moti anavomera kuchepetsedwa malipiro kuti mafilimuwo akhale awoawo. Vuto lalikulu linali kuwala, chifukwa kamera iliyonse imaona kuchokera mbali yake ndipo simungaimitse sewero kuti musunthe mababu. Katswiri wina, Karl Freund, ndi amene anakonza zoti kuwala kuzichokera kumwamba mofanana ponseponse. Kuwala kopanda mithunzi kumene mumakuona m'masewero onsewa kunachokera pamenepo.

Gawo limodzi linkatenga sabata. Tsiku loyamba ochita sewero amakhala pa tebulo n'kuwerenga mawu awo mokweza, olemba ali pomwepo kumvetsera pamene nthabwala yagwira ndi pamene yaphonya. Masiku otsatira ndi oyeserera. Kenako pali tsiku la makamera, pomwe amamata tizizindikiro pansi kuti munthu aliyense ndi kamera iliyonse adziwe poima. Usiku womaliza m'pamene anthu amalowa. Pamakhalanso wanthabwala wina amene ntchito yake ndi kuwasangalatsa pamene makamera aima, chifukwa gawo la mphindi 22 limatha kudya maola atatu kapena kuposa, ndipo munthu akatopa saseka.

Ndiye apa m'pamene pamalowa kuseka kwa makina. Wina akalakwitsa mawu, chigawocho amachibwereza, ndipo nthabwala yomva kachiwiri anthu saiseka ngati poyamba. Polumikiza zidutswazo, kuseka kumadukaduka. Injiniya wina wa ku CBS, Charley Douglass, anapanga bokosi lokhala ndi mabatani ndi chopondera, m'kati mwake muli timatepi ta kuseka kosiyanasiyana, kwa amuna, kwa akazi, kwa chikhakhali, kwa pansipansi. Poyamba linali lokwirira mipata yokha, koma pofika zaka za m'ma 1960 masewero ambiri ojambula popanda oonera ankangothiridwa kuseka konse kuchokera m'bokosimo. Ngakhale katuni ya The Flintstones inali ndi kuseka, pomwe palibe munthu angakhale pansi kuonera zojambula pamanja zikuchita sewero. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Muziyang'ana wochita seweroyo. Ngati wanena nthabwala n'kuima, akudikira kuti phokoso litsike, mwinanso akudzigwira kuti asaseke, anthuwo alipodi. Ngati akungopitiriza kulankhula kuseka kuli m'kati, ndipo kusekako kukuyamba ndi kutha mofanana nthawi zonse, ndi kwa m'bokosi.

A ku Britain anali ndi kachitidwe kawo. Za m'nyumba ankajambula pa tepi mu situdiyo, za panja pa filimu ya 16 mm. Mukadzapeza Fawlty Towers kapena Some Mothers Do 'Ave 'Em mudzaona kuti munthu akangotuluka pakhomo, chithunzi chimasintha, chimakhala ndi timadonthomadontho ndipo mitundu imazilala. TV yanu siinaonongeke ayi. Za panjazo ankazijambuliratu, n'kudzazionetsa kwa anthu a mu situdiyo pa ma TV olendewera kuti ajambule kuseka kwawo. Iwowa sankachulutsanso magawo. Fawlty Towers ili ndi magawo 12 okha, 6 a mu 1975 ndi 6 a mu 1979. Mr. Bean wa Rowan Atkinson, amene anayamba pa 1 January 1990, ali ndi 15 basi, pomwe Fresh Prince ali ndi 148. Mind Your Language ija inayamba mu 1977, ndipo mukamaonera ndi ana mudzawauze kuti nthabwala zake zambiri ndi zoseka mitundu ya anthu ndi kalankhulidwe kawo. Ku Britain komweko anaiimitsa mu 1979 pa chifukwa chimenecho, ngakhale inadzabwereranso kanthawi kochepa.

Tsopano funso la ndalama lija. Masewero akunjawo musalipire kuti awasamutse. Kampani zawo zili ndi makope oyambirira, ndipo amapezeka pa DVD ndi pa intaneti akuoneka bwino kuposa mmene VHS ingaonetsere. Chojambulidwa pa filimu amatha kuchitenganso mwatsopano n'kumaoneka ngati cha dzulo, moti I Love Lucy wa 1951 amaoneka bwino kuposa Fresh Prince wa 1990 amene anajambulidwa pa tepi. Tepi ya situdiyo imathera pa mizere 576 kwa ife a PAL (kachitidwe ka TV ka kuno), 480 kwa a ku America, pomwe TV yanu yatsopanoyo mwina ili ndi 1080. VHS ndiye yotsikiratu. Komanso matepi ambiri ogula m'sitolo ali ndi chotchinga kukopera, chimene chimachititsa chithunzi kumawala n'kumada, kumawala n'kumada.

Amene ndikuwadandaula ndi olemba pamanja aja. Kumbukirani kuti kuno TV inabwera mochedwa. Ku Zimbabwe inayamba mu 1960, ku Zambia mu 1961, ku South Africa mu 1976, koma Television Malawi inatsegulidwa mu 1999. Ngati m'matepimo muli Tikuferanji wa masiku oyambirira, a Michael Usi akuchita Manganya, kapena Izeki ndi Jakobo, kapena nkhani za madzulo chabe, musaganize kuti kwinakwake kuli kope lina. Ngakhale BBC, ndi chuma chake chonse, inkafufuta matepi ake mpaka cha m'ma 1978. Tepi ya situdiyo inali yodula ndiye ankajambulapo zina, mapangano ndi ochita masewero sankalola kubwereza pulogalamu kambirimbiri, komanso TV ya mitundu itabwera anaona ngati zakuda ndi zoyera zatha ntchito. Magawo atatu a sewero loseketsa la Dad's Army anasowa choncho. A sewero la Doctor Who osowa ndi oposa 90, ndipo 9 amene anapezeka mu 2013 anawapeza ku Jos, ku Nigeria, m'zitini za filimu zimene zinatumizidwa kumeneko kalekale n'kuiwalika m'chipinda chosungiramo katundu. Zinthu ngati zimenezi zimapulumukira m'makatoni ngati yanuyo.

Ndiye chitani izi. Tengani tepi iliyonse muisuzumire pa kagalasi kake ndi tochi. Mukaona zoyerayera ngati ufa pa mpukutu wakudawo, imeneyo yachita chuku. Ipatuleni, muiike poduka mphepo koma pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limapinda pulasitiki. Imeneyo isalowe mu deki yanu, chukucho chimatseka mitu yowerengera ndipo chimafalikira ku matepi ena onse olowa pambuyo pake. Ipite kwa wokonza amene ali ndi deki ina yoyeretsera. Matepi abwinowo, yang'anani kumsana kwake kuli kachidutswa kapulasitiki kang'ono. Kathyoleni. Kakachoka, deki imakana kujambulapo, ngakhale mwana atadina batani lofiira.

Deki muiyese kaye ndi tepi yopanda ntchito. Iseweretseni, muithamangitse kutsogolo, muibweze, muitulutse. Ikatafuna tepi, kawirikawiri ndi lamba amene watamuka kapena kagudumu ka labala kokankha tepi kamene kauma. Zimenezo wokonza mawailesi amasintha. Muisamale dekiyo, chifukwa kampani yomaliza kupanga, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Ngati mukubwereka deki yochokera ku America, werengani kumbuyo kwake. Yolemba 120 V ikalowa pa magetsi athu a 230 V popanda thiransifoma imapsa nthawi yomweyo. Matepi a ku America nawonso ndi a NTSC, kachitidwe ka TV ka kumeneko, pa deki wamba amaoneka akuda ndi oyera kapena chithunzi chimangogudubuzika. A ku Joni ndi ku UK ndi a PAL, alibe vuto. Mawu akamathamanga ngati a tiana, tepiyo inajambulidwa pa LP (liwiro lochedwa lolowetsa maola ambiri pa tepi), ikufuna deki yokhala ndi LP.

Mukaona mzere wa chipwirikiti m'munsi kapena pakati pa chithunzi, dinani mabatani a tracking, pa madeki ena ndi omwe aja osinthira tchanelo. Koma mawu akamamveka bwino chithunzi chili phulusa lokhalokha, mitu yada. Zulani ku magetsi, tsegulani chivundikiro, muona chitsulo chozungulira chonyezimira chopendekeka. Dulani kapepala koyera, mukanyowetse ndi isopropyl imene okonza mafoni amatsukira, mukagunditse pang'ono pambali pa chitsulocho, ndipo chala china chizizungulitsa chitsulocho pang'onopang'ono. Kapepalako kasayende chokwera ndi chotsika, mitu ija ndi yosachedwa kuthyoka. Thonje ayi, limakola. Sipiriti wothira utoto uja ayinso, amasiya zotsalira. Dikirani mphindi 10 kuti paume.

Posamutsa pamafunika laputopu ndi kachipangizo ka USB video capture, kamene kali ndi mabowo atatu. Waya wachikasu ndi wa chithunzi, woyera ndi wofiira ndi a mawu. Ngati deki ili ndi bowo lalikulu la SCART lokha, mugule adaputa yake ndipo kaswitchi kake kakhale pa OUT. Pulogalamu yojambulira pa laputopu ya OBS Studio ndi yaulere. Muitchere pa PAL, 720 ndi 576, zithunzi 25 pa sekondi, ndipo isunge ngati fayilo ya mtundu wa MKV. Ndikutero chifukwa MP4 wamba ikadukira pakati, fayilo yonse imatha kukana kutseguka, pomwe MKV imasunga mpaka pamene yadukirapo. Musanayambe, tepiyo muithamangitse mpaka kumapeto n'kuibweza, kuti mpukutu umasuke.

Palibe chidule pamenepa, alamu. Tepi yolemba E-180 ndi maola atatu, ndipo kusamutsa kwake ndi maola atatu omwewo, kapena 6 ngati ili pa LP. Musankhe nthawi imene magetsi sazimazima, kapena mulumikize deki ku inveta. Akazima tepi ili m'kati, musaikoke, imakhala itakulunga chitsulo chija. Dikirani abwere, mudine batani loitulutsa. Mawu akamatsalira m'mbuyo mwa milomo, ndi vuto la tizipangizo totchipa, ndiye muzijambula ola limodzi limodzi. Pa ola lililonse muwerengere 2 GB, ndipo fulashi ikhale ya exFAT, chifukwa ya FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB.

Chonde, wosamutsayo mumuuze asadule kanthu. Malonda a pakati, nyimbo yotsegulira nkhani, wolengeza mapulogalamu, zonsezo zikhale. Pamenepo m'pamene pamaoneka mitengo ya zinthu, zovala ndi misewu ya Blantyre ya nthawi imeneyo. Fayilo iliyonse ilembedwe zimene zalembedwa pa tepi yake, makope akhale awiri m'nyumba ziwiri, ndipo musadalire lotumiza pa WhatsApp chifukwa amalifinya. Poonera, TV muiike pa 4:3. M'mbali mukhala mwakuda, zisiyeni choncho, mukadzazitsa galasi lonse anthu amaoneka afupi ndi onenepa. Matepiwo musataye mukamaliza. Muwabweze kuchiyambi, muwaimike chilili m'makesi awo, kutali ndi masipika ndi khoma lolowa chinyezi.

Mundijambulire kumbuyo kwa deki ndi kwa TV, komanso timagalasi ta matepi a TVM aja, mutumize pagulu pompano. Ndikaona ndikuuzani waya woti mugule ndi tepi yoti tiyambire. Moni kwa ana.