Kuika katundu pa background yabwino ndi AI

Achemwali, pa funso lanu loti muli ndi zitenje, madengu ndi zipewa za mlaza zambirimbiri ndiye mukufuna AI izichotsa yokha zakumbuyo n'kuika malo okongola osati muzichita chithunzi chimodzi chimodzi, zimatheka ndithu, koma ntchito yaikulu ili pojambula pomwepo.

Jambulani zonse malo amodzi, kumbuyo kukhale nsalu yoyera yopanda maluwa, foni isamasunthe, ndipo kakhaleni pamthunzi m'mawa chifukwa dzuwa la kuno ku Mangochi likafika pamutu mtundu wa chitenje umayera mbuu. Mukatero makina savutika kuona pomwe katundu wathera. Pa foni pali pulogalamu yochotsa zakumbuyo yotchedwa Photoroom, ili ndi batch, mumasankha zithunzi zambiri kamodzi, kungoti imadya bandulo ndipo zina ndi zolipira. Ngati pakhomo pali laputopu uzani mwana wodziwa kompyuta akuikireni pulogalamu ina yochotsa zakumbuyo yotchedwa rembg, ndi yaulere, imayenda ndi chinenero cha makompyuta cha Python, ikadawuniloda model (fayilo yomwe AI imagwirira ntchito) kamodzi basi imagwira popanda intaneti, mumangoilozera foda yonse iyo n'kutulutsa zithunzi za mtundu wa PNG zopanda zakumbuyo. Musasinthe kukhala JPG msanga, JPG siisunga malo oonekera pomwe pachotsedwa zakumbuyo paja. Kenako pulogalamu yokonzera zithunzi yotchedwa ImageMagick imatha kusanja ma PNG onsewo pa background imodzi, saizi yofanana.

Koma apa ndiye mundimvetse bwino. AI zimene mumazilembera mawu zija, zoti ndiikire dengu ili pamchenga wa ku Cape Maclear, nthawi zambiri zimajambulanso chithunzi chonse, ndiye maluwa a pachitenje amasintha, zilembo za pa lebulo zimapindika, kalukidwe ka dengu kamakhala kena. Kasitomala wa ku Lilongwe watumiza kale ndalama pa Airtel Money, katundu wafika, akuona si zomwe anaona pa foni, adzati mwamubera ndipo sabweranso. Ine ndimati AI ipange background yokha payokha, katundu akhale weniweni amene munajambula, muzingomuika pamwamba. Muikenso kamthunzi pansi pake apo ayi dengu limaoneka ngati likuyandama, komanso kuwala kuchokere mbali imodzi ndi kwa background.

Za mlaza zimavutako, m'timipata ta zoluka muja mumatsalira mtundu wa nsalu yakumbuyo, ndiye zimenezo muziziona ndi maso musanaposte. Catalog ya WhatsApp Business, pomwe mungaike zithunzizo kuti makasitomala aziona, imalola zinthu mpaka 500, malo alipo okwanira. Yambani ndi zitenje, sizivuta kudula, madengu abwere pambuyo.