Buku la zithunzi ndi mitengo ya sitima zazidole: muyambire pati?

Wowerenga wina watilembera imelo kuti wagula katoni ya sitima zazidole zakale, zina zolembedwa Lionel, zina Hornby. Akufunsa komwe angapeze buku la zithunzi loti limuuze dzina la chilichonse ndi mtengo wake.

Zikomo polemba. Buku limodzi lokwana zonse musalifune, chifukwa mabuku odalirika amalembedwa potsata kampani ndi zaka. Musanatulutse ndalama, tembenuzani mutu wa sitima ndi mabogi onse, mulembe dzina la kampani ndi nambala yomwe ili m'mbali kapena kunsi. Yezaninso mpata wa njanji ziwiri zakunja: mamilimita 32 ndi saizi yotchedwa O gauge, pomwe 16.5 ndi saizi ya OO kapena HO.

Sitima za Lionel, kampani ya ku America, osonkhanitsa amazigawa patatu: zofika 1942, za 1945 mpaka 1969, ndi za 1970 kupita mtsogolo. Kwa woyamba kumene, ife timakonda Standard Catalog of Lionel Trains ya David Doyle, chifukwa zithunzi zake n'zamitundu ndipo zaka zofika 1942 zili ndi buku lakelake, za 1945 mpaka 1969 lakenso. Mabuku akuluakulu a Greenberg's Guide amazama kwambiri. Koma samalani ndi kabuku ka m'thumba ka Greenberg: muli manambala ndi mitengo, osati zithunzi zoti mungazindikirire nazo katundu. Pa sitima za ku Britain za Hornby, Hornby Dublo ndi Tri-ang, funani Ramsay's British Model Trains Catalogue. Mukapeza sitima za kampani ya ku Germany ya Märklin m'katonimo, buku lake ndi Koll's Preiskatalog, la m'Chijeremani.

Ambiri mwa mabukuwa mumawapeza ogwiritsidwa kale ntchito pa masamba a malonda a pa intaneti monga AbeBooks kapena eBay. Funsani wogulitsa chaka chimene linasindikizidwa komanso ndalama yotumizira, poti ndi olemera ndipo nthawi zina positi imaposa mtengo wa bukulo.

Likakhala lakale musadandaule. Zithunzi sizikalamba, chomwe chimakalamba ndi mitengo. Bukulo likuthandizeni kudziwa chomwe muli nacho, mtengo wa lero mukautenge kwina. Pa eBay lembani dzina ndi nambala, musankhe zomwe zagulidwa kale, osati zomwe zikutsatsidwa. Wotsatsa amatchula ndalama iliyonse yomwe walota. Onaninso zotsatira za okushoni, monga Vectis ku Britain ndi Stout Auctions ku America. Yerekezani malonda osachepera asanu a miyezi yaposachedwa, mutaye lokwera kwambiri ndi lotsika kwambiri.

Pomwe anthu amadzinamiza ndi pa mmene chidolecho chilili. Bungwe la Train Collectors Association, lomwe linayamba mu 1954, lili ndi muyeso wochokera pa C-1, chotayika, kufika pa C-10, chosagwiritsidwapo ntchito. Maso amathamangira mtengo wapamwamba, chonsecho sitima yomwe mwana anaseweretsa, yokalika penti, nthawi zambiri imagwera pa C-5 kapena C-6.

Nambala payokha siyikwanira. Mabogi a Lionel a 6464 alipo amitundumitundu, ndipo awiri a nambala imodzi amatha kusiyana mtengo kwambiri chifukwa cha mtundu wa chitseko kapena wa zilembo basi. Apa ndiye zithunzi zimagwira ntchito: ikani bogi pambali pa chithunzi masana, muyang'ane chitseko, zilembo, mateyala ndi zokolekera. Penti yonyezimira mopitirira, kapena yomwe yakwirira timisomali, ndi chizindikiro choti wina anapentanso, ndipo mtengo umatsika. Makatoni omwe kampani inkagulitsiramo sitimazi nawonso alipo osindikizidwa masiku ano mofanizira akale, pamene katoni yeniyeni imakweza mtengo, choncho ngakhale yong'ambika musataye.

Mateyala kapena thupi lachitsulo likakhala ndi ming'alu ndi kufufuma, ndiye kuti zinki yomwe anaumbira inali ndi zosakaniza zoipa. Limeneli ndi vuto losachiritsika, chitsulocho chimangopitiriza kufumbutuka. Pomaliza, musatsuke ndi sopo kapena kupukuta mwamphamvu musanadziwe chomwe mwagwira, chifukwa zilembo zina zimachoka ndi madzi okha. Burashi yofewa, youma, ndi yokwanira kuti nambala iwoneke.